Nsalu Yoyera ya a Masoamoto

Tandiuzani, inu odziwa kuwerenga: n'chiyani chimadya usana ndi usiku osakhuta, chikageya komboni yonse n'kuchapanso zovala? Mwalephera? Ndi ng'anjo yakale ya kufakitale ya zitsulo, ija ya malasha. Inadya malasha zaka makumi anayi, inamalizira mapapo a bambo wina, a Masoamoto, ndipo anaizimitsa sabata yomwe bamboyo anaikidwa m'manda.

Tsiku lachitatu chiikireni maliro, mkazi wawo anakhala pakhonde, kalata ya kampani ili pamiyendo. Kuwerenga sankatha, koma mwana wawo wamwamuna anali atawawerengera kawiri, ndipo kachiwiriko mawu sanasinthe. Nyumba ndi ya kampani. Ngati m'banjamo mulibe wogwira ntchito kufakitale, atuluke pakatha masiku makumi atatu.

Kale zinali zosavuta: bambo akatsogola, mwana ankavala jombo zawo. Koma ng'anjo yatsopano ndi yamagetsi, yopanda utsi, imasungunula zitsulo zakutha anthu atakhala pamipando m'chipinda chozizira. Pomwe ankakhetsa thukuta amuna makumi anayi, tsopano pakufunika asanu ndi atatu, odziwa kompyuta. Mwana wa a Masoamoto ankadziwa fosholo.

"Mlamu, pindani kapepalako," anatero a Batani, mng'ono wa malemu, atakhala pampando wa akulu awo ngati anabadwira pomwepo. "Ng'anjo yatsopano ija imayaka ndikadina ine. Injiniya satsokomola asanandifunse. Mwanayu Lolemba ayamba ntchito."

"Zoonadi, alamu?"

"Ine ndinanamapo liti?"

Azakhali, mlongo wa malemu, anayamba kuwerenga zala, koma mayiyo anawatsina pantchafu. Sankafuna kudziwa. Mawu a a Batani ndiwo anali denga lokhalo lomwe linatsala.

Masana kunabwera mtsikana wa diresi yakuda ndi mpango kumutu, atanyamula katoni. Anapepesa, anakhala pansi, n'kutulutsa zomwe malemu anasiya kuntchito: chipewa, kapu yobenthuka, ndi kagalasi kabuluu ka chigwiriro chopserera.

A Batani anakatola kagalasiko, n'kukapukuta pamimba.

"Mwaona aka? Ndi ka makina atsopano. Kochokera kunja. Popanda maphunziro sungakagwire."

Mayiyo anakadziwa. Chigwiriro chimenecho anachimanga okha ndi waya, mwana wawo akukwawa. Apa anazindikira kuti alamu awo akunama.

"Iwe mtsikana," anapitiriza a Batani, "ukamuuze injiniya kuti ndalamula. Mwanayu alowe pamalo pa bambo ake."

"Injiniya ndine, bambo."

A Batani anamuyang'ana bwinobwino. Iwo ankamudziwa ali m'galimoto, atavala chipewa ndi chotseka pamphuno.

"Ndipo inu," anatero mtsikanayo mwaulemu, "si amene mumatitsegulira geti m'mawa?"

"Ndimadinatu," anatero a Batani chapansipansi.

"Kudina mumadinadi, achimwene," anatero azakhali. "Geti n'kutseguka. Injiniya sangalowedi asanakufunseni."

Khonde lonse linaphulika. Amayi oyandikana nawo nyumba, omwe anabwera kudzalira, anagwira nthiti. A Batani anakumbukira mwadzidzidzi kuti njinga yawo ili padzuwa, ngakhale anabwera wapansi. Nawo mayi wamasiyeyo anaseka, anaseka, mpaka anthu anazindikira kuti sikulinso kuseka.

Injiniya anadikira kuti atonthole.

"Amayi, sindikunamizani. Malo anadzaza, ndipo nyumba sindigawa ndine. Ndinapempha, anakana."

"Nanga wabwereranji, mwanawe?"

"Kudzakupatsani aka." Anaika kagalasiko m'manja mwawo. "Amuna anu ankasuzumira nako m'ng'anjo yakale ija, n'kudziwa kutentha kwa chitsulo poona mtundu wake basi. Kufiira kwakuti, sichinapse. Kuyera kwakuti, tsanulirani. Makina athu ankatipatsa manambala, koma zitsulo zinkatuluka zothetheka. Miyezi isanu ndi umodzi anakhala nafe, akutsokomola, iwo kutchula mtundu, ife kulemba nambala. Ng'anjo ija ikuyenda ndi maso awo."

Mwana wa malemu anadzutsa mutu.

"Ankadziwa kuti ikayaka ine sindidzalowa?"

"Ankadziwa. Ndinawauza ndekha."

"Anati chiyani?"

"Anati, asowe ntchito, koma azipuma."

Mnyamatayo anadzuka n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Palibe anamutsatira.

Alendo atapita, mayiyo analowa kuchipinda kukayamba kulongedza. Kopita sankakudziwa, koma manja ankafuna chochita. Pansi penipeni pa sutikesi anapeza nsalu yoyala pabedi, yoyera mbee, ikadali m'pepala lake. A Masoamoto anaigula chaka chaukwati wawo n'kuletsa kuitulutsa. M'komboni muno, ankatero, choyera chimada usanamalize kuyanika. Tidzaichapa tsiku lomwe chumuni ya kufakitale idzatseke pakamwa. Zaka zonsezi mayiyo ankayesa nthabwala.

Anaiviika m'beseni, anaifinya, anaiyanika pachingwe. Kenako anakhala pakhonde la eni ake, kagalasi kali m'manja, maso ali pa nsalu, kudikira kadontho koyamba ka mwaye.

Dzuwa linapendeka. Nsaluyo inauma ili yoyera.