Phwando Lopanda Mchere la a Onjezani

Bambo ake a Nesi anthu ankawatcha a Onjezani, ndipo dzinalo sanachite kugula. Zaka zonse zimene anali ndi butchala, mlendo sankatuluka pakhomo pawo lamba ali pabowo lomwe anabwera nalo. Ukati wakhuta, ankakuyang'ana ngati wawatukwana, n'kukankhira mbale kufupi nawe: "Onjezani." Ngakhale munthu wodzawerenga mita ya madzi ankachoka milomo ikunyezimira.

Kenako matenda anabwera awiri nthawi imodzi, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Tsiku lina anagwa m'bafa, ndipo mwana wawo wachisamba ndiye anathamangira nawo kuchipatala mtima uli m'mwamba. Mayi ake anali atapita kale ndi matenda omwewa, choncho analumbira pakhonde la chipatalacho kuti bambo ake okha sawapereka. Dokotala anati achepetse mchere, mafuta, shuga ndi nyama yofiira. Mtsikanayo mawu oti "achepetse" sanawamve, anamva oti "asiyiretu". Anabisa mchere pamwamba pa kabati, nayamba kununkhiza m'kamwa mwa bambo ake akabwera kokayenda. Abale anamupatsa dzina loti Nesi, chonsecho ntchito yake inali ya inshulansi ndipo jakisoni ankamuopa ngati wina aliyense.

Ankadzuka m'mamawa kuwaphikira, n'kusiya chakudyacho m'mbale zovindikira. Iye ankakadyera kuntchito, ndipo madzulo ankangomwa tiyi chifukwa chotopa. Akafunsa kuti chakudya chinali bwanji, bambo ake ankayankha chimodzimodzi tsiku lililonse: "Chinakoma, mwanangu. Zikomo."

Bamboyo atatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, Nesi anaganiza zowakonzera phwando. Anapeza holo, anaitana abale, anzawo akale a kubutchala ndi oyandikana nawo nyumba. Koma mantha sanamuchoke. Phwando limodzi lokha likanatha kugwetsa ntchito yake yonse, n'kumubwezera pakhonde la chipatala lija. Ndiye anapita yekha kwa mayi wina wophika pamaphwando kukamuuza zochita.

"Nkhuku muichotse khungu, muiphike ndi nthunzi. Mpunga wopanda mafuta. Kabichi, karoti, zitheba, zonse zongowiritsa. Mchere usayandikire."

"Imeneyo ndi mbale ya bambo, ndamva," anatero mayi wophikayo. "Nanga alendo?"

"Aliyense adya zomwezo. Bambo anga sangakhale pakati pa anthu otafuna nyama iwo akumeza malovu. Akaona, ayesedwa."

"Keke?"

"Palibe keke. Mugule chivwende chachikulu, tibayapo makandulo."

Mayiyo anayamba wakhala pansi. "Achemwali, ine ndaphika pamaukwati, pamaliro, pamisonkhano ya mabwana. Anthu amaiwala ulaliki, amaiwala diresi la mkwatibwi, koma mpunga wosapsa amaukumbukira mpaka ana a banjalo atamera ndevu. Ndiphika, poti mwalamula. Chonde chokha, dzina langa musalitchule pa maikolofoni."

Tsiku la phwando holo inakongola, izo tisamunamizire Nesi. Nsalu zoyera pamatebulo, maluwa, mabuloni, chithunzi chachikulu cha bambo ake akumwetulira pakhoma. Alendo anafika nthawi yabwino, chinthu chosachitikachitika. Chifukwa chake n'chodziwika: linali phwando la a Onjezani. Ambiri sanadye kadzutsa, ena anayamba kusala dzulo lake. Amayi anabwera ndi zikwama zikuluzikulu zimene zinkachita phokoso la mapepala apulasitiki akaziika pansi. Bambo aang'ono a Nesi, mng'ono wawo wa a Onjezani, analowa atamasuliratu lamba.

Pemphero litatha, anthu anafola mzere mwaulemu, mbale m'manja. Operekera zakudya anavundukula miphika. Nthunzi inakwera yambiri, koma fungo silinabwere nayo. Anthu anadikira pang'ono, kuyesa kuti mwina likubwera m'mbuyo.

Azakhali a Nesi, mlongo wa bambo ake, anatembenuza ntchafu ya nkhuku yoyera mbee ndi foloko, n'kufunsa woperekerayo mwachifundo: "Inadwala nthawi yayitali?"

Mkulu wina amene ankagwira ntchito kubutchala kuja anapempha mchere monong'ona, ngati akupempha chinthu choletsedwa ndi boma. Anamupatsa kachidutswa ka ndimu. Anapempha chakumwa, anamupatsa madzi okhala ndi kachidutswa kena ka ndimu. Holo yonse inangoti zii, kumangomveka mafoloko akusuntha karoti kuchoka mbali ina ya mbale kupita mbali ina. Woimba nyimbo anakweza nyimbo, koma munthu savina pamimba pali kabichi wowiritsa.

Nesi sanakhale pansi. Ankazungulira matebulo, diso lili pa zikwama za amayi, kuopa kuti wina walowetsa zoletsedwa. Nthawi ndi nthawi ankayang'ana kutebulo lakutsogolo. Bambo ake ankadya pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, koma maso awo anali pambale za alendo. Anawaona akutsegula pakamwa kuyang'ana azakhali, dzanja litagwira kale mbale ya nkhuku kuti aikankhe, kenako anatseka pakamwa n'kubweza dzanjalo. Nesi anati mumtima mwake atopa, koma bola ali bwino. Anasangalala kwenikweni.

Ndiye anatenga maikolofoni. Anayamba bwino, kuthokoza anthu ndi kufotokoza mmene bambo ake anamulerera. Koma atafika pa tsiku la m'bafa lija, mantha anamugwiranso, ndipo mawu othokoza anasanduka phunziro la zaumoyo. Anafotokoza zimene mchere umachita m'mitsempha. Anafotokoza za mafuta ndi mtima. Anati aliyense m'holomo ayamike kuti lero thupi lake lapumula.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo oyamba kuchitsekula anali bambo aang'ono, amene anali atasowa miphika itangovundukulidwa. Tsopano ena anayamba kutsatira. Wina anaika foni kukhutu isanalire n'komwe. Awiri anapita kuchimbudzi, ndipo atatu anapita kukawaona ngati afika bwino. Azakhali anati akukaona ngati anatseka galimoto, iwo alibe galimoto. Nesi, maso ali pamwamba kufunafuna mawu abwino onena za impso, sanaone kanthu.

Atatsitsa maso, m'holo munatsala agogo ena osamva bwino amene ankagwedezera mutu chilichonse, mayi wina amene mwana anamugonera pamiyendo, ndi chivwende chija, makandulo ake osayatsa. Mpando wa bambo ake unali wopanda munthu. Mbale yawonso panalibe.

Pomwepo fungo linalowera pawindo. Linali fungo limene Nesi anakulira, la mafuta a nyama akudonthera pamakala. Anasiya maikolofoni patebulo osaizimitsa n'kuthamanga.

Kuseri kwa holo, koimika magalimoto, n'kumene kunali phwando. Bambo aang'ono anali atakatenga mgolo wodula pakati, thumba la makala, nyama ndi masoseji. Amuna a masuti anali ataponya mataye kumapewa kuti asadonthere mafuta. Azakhali anali atakhala pa kreti, mafuta mpaka m'zigongono. Mayi wophika uja, amene anapempha kuti asatchulidwe, ndiye ankawaza mchere ndi dzanja lonse, nkhope ili ngati ya munthu wotuluka m'ndende. Wina anali atatsegula wailesi ya m'galimoto ndipo anthu ankavina mafupa ali m'manja.

Pakati pa utsiwo panali bambo ake, atavala epuloni yawo yakale pamwamba pa suti, chopanira nyama chili m'manja. Ankaseka. Nesi anali asanamve kuseka kumeneko chigwereni m'bafa muja.

"Onjezani, aphunzitsi. Inu amayi, kambale kameneko n'kochepa, tengani ina. Onjezani."

Anthu atamuona Nesi, nsagwada zinaima. Bambo aang'ono anabisa soseji kumbuyo ngati mwana wasukulu. Nesi sanayang'ane aliyense. Anapita molunjika kwa bambo ake, anawagwira manja n'kuwatembenuza, anayang'ana milomo, kenako pamaso pa anthu onsewo anawanunkhiza m'kamwa. Munalibe fungo lililonse koma la kabichi.

"Sanalawe," anatero azakhali. "Tawakakamiza mpaka kutopa. Akuti anakulonjeza."

"Ababa, mukufuna kundipha ndi mantha?" anatero Nesi. "Ndinachita zonsezi kuti musayesedwe."

"Ndikudziwa, mwanangu," anatero bamboyo, akutembenuza nyama kuti isapserere. "Koma dokotala analetsa m'kamwa mwanga, sanaletse mwa alendo anga. Anthu awa alakwa chiyani? Chibadwire sindinaonepo munthu akuchoka paphwando langa ndi njala. M'holo muja ndimafuna kunena kuti onjezani, koma ndimachita manyazi. Manyazi amenewo akanandipha msanga kuposa mchere."

Nesi anayang'ana alendo aja, mbale zawo zili zodzaza. Mkwiyo unali utamuthera, koma mantha anali asanachoke, ndipo anangoima pamenepo utsi ukumulowa m'maso.

Bambo ake anapatsira mng'ono wawo chopanira chija, n'kumukokera mwana wawo pambali, pamene panali makreti awiri. Pa kreti imodzi panali mbale yawo ya m'holo ija, atavindikira bwinobwino ndi mbale ina.

"Yanga ndi iyi, ndinabwera nayo. Iwe wadya?"

Anali asanadye. Chiyambire m'mawa ankangothamanga.

"Khala pansi, tidye awiri. Chakudya cha pabanja pathu ndi chimenechi."

Anamupatsa foloko. Nesi anabaya chidutswa cha nkhuku n'kuika m'kamwa. Anatafuna. Zinali ngati akutafuna thaulo lonyowa. Anayesa mpunga kuti mwina uthandize, koma mpungawo unangowonjezera mavuto. Anayesa kumeza, pakhosi panakana, mpaka anachita kukankhira ndi madzi. Apa m'pamene anazindikira kuti chakudya chotere, chimene ankaphika yekha m'mawa uliwonse, anali asanachiikepo m'kamwa ngakhale kamodzi. Bambo ake, munthu amene moyo wake wonse unali nyama, ankachidya masana ndi madzulo chigwereni m'bafa muja, okha patebulo, n'kutsuka mbale, n'kumudikira kuti amuuze kuti chinakoma.

Misozi inatsika, ndipo sinali ya utsi. Anamva chisoni ndi manyazi nthawi imodzi.

"Ababa, n'choipa."

"Kwambiri," anavomera bamboyo, akutafuna karoti mwamtendere.

"Bwanji simunanene?"

"Unkadzuka kusanache kuti undiphikire. Ndikanayamba bwanji? Komanso taona, ndidakali moyo."

Kumbuyo kwawo nsagwada zinali zitayambanso ntchito, ndipo wina anali atakatenga chivwende chija kuti chithandize kutsitsa nyama. Nesi anapukuta m'maso, anati mawa apitanso kwa dokotala akafunse bwinobwino tanthauzo la kuchepetsa. Bambo ake anagwedeza mutu povomera. Kenako anayang'ana mbale ija, imene inali idakali yodzaza, anamuyang'ana mwana wawo, ndipo diso lawo linawala ngati kale. Anaikankhira pang'onopang'ono kufupi naye.

"Onjezani, amayi."