Ambulansi Kumbuyo kwa Lole ya Fodya

Aroni Mbewe anaimva ambulansi ija isanaoneke n'komwe. Anali pakati pa chitunda cha kufupi ndi ku Chezi, lole yake itadzaza mabelo a fodya, ikukwera mobuula ngati ng'ombe yokalamba. Atayang'ana pagalasi loonera kumbuyo anaona nyali zikuphethira. Msewu unali wopanikiza, kumanja kuli phompho, koma kumanzere malo oti n'kupatukirapo analipo ndithu. Aroni anangoikhazika lole ija pakati penipeni pa msewu.

M'lolemo anali ndi a Benjamini, eni ake fodyayo, bambo oti ukawapatsa moni amayamba adzifunsa kaye kuti ukufuna kuwapempha chiyani.

"Musapatuke, a Mbewe," anatero a Benjamini. "Wodwalayo mwamuona? Anthu amenewa amanyamula matola ndi matumba a makala, kenako n'kuyamba kuliza sayirini kuti tonse tiziwagwadira."

"Ndinamvanso zomwezo pasiteji," anayankha Aroni. "Nanga mawindo amawaphimbiranji ngati mulibe chobisa? Komanso ndikaima pachitunda pano ndi katundu uyu, andikankhe ndani?"

Ambulansi inaliza hutala. Dalaivala wake anatulutsa dzanja pawindo n'kumakupiza. Aroni anakweza wailesi. Anakwera choncho chitunda chonse, lole patsogolo, ambulansi ikulira pambuyo, mpaka pamsika pomwe msewu umatambasuka. Apo ambulansi inadutsa ngati mphepo, anthu ogulitsa tomato ndi mbatata ataimirira kuonerera.

"Mwaona liwirolo?" a Benjamini anaseka. "Akuthamangira ogula makala."

Aroni atakatula fodya anabwerera kumudzi dzuwa litapendeka. Pamjigo anapereka moni, amayi osayankha. Pagolosale amuna anasiya kucheza mpaka iye atadutsa. Kunyumba anapeza mkazi wake Susana ali pakhonde, ndipo sanadzuke kudzamulandira chikwama monga amachitira.

"Bambo a Talandira, khalani pansi. Mundiuze zoona, ine ndine mkazi wanu. Munadziwa kuti mu ambulansi muja munali Rebeka?"

"Rebeka uti?"

"Mwana wa a Elifala. Matenda a uchembere anamuvuta m'mawa, achipatala chathu chaching'onochi n'kumutumiza ku chipatala chachikulu. Apamsika onse akuonani mukuitsekereza."

A Elifala anali oyandikana nawo nyumba, ndipo kuyambira dzinja lapitalo iwo ndi Aroni sankalankhulana chifukwa cha malire a dimba. Mudzi wonse unkaidziwa nkhaniyo, ndipo mudzi suchedwa kulumikiza zinthu.

"Akuti munachita dala," anatero Susana. "Akuti munkafuna kubwezera za dimba zija. Mwana uja akapanda kudzuka, pano sitikhalapo. Ngakhale kutchalitchi tikakhala pabenchi patokha."

"Mayi a Talandira, inunso mukundiganizira zimenezo?"

Susana anangoti, "Mawa tilawirire kwa a Faines. Iwo ndi amene anali m'galimotomo."

Mayi Faines anali namwino wa pachipatala chaching'onocho. M'mawa mwake Aroni ndi Susana anawapeza akupukuta tebulo, odwala asanayambe kufika. Atamuona Aroni sanamwetulire, komabe anawapatsa benchi.

"Mwabwera kudzafunsa za Rebeka? Anamuchita opareshoni dzulo lomwelo. Anataya magazi ambiri, ndipo mwana anabadwa wofooka. Madokotala akuyesetsa, koma sindikulonjezani kanthu. Ine ndinali kumbuyo nditagwira diripi, ndikumufunsa dalaivala kuti bwanji tikuyenda ngati tili pangolo."

"Amayi, ine sindinadziwe kuti ndi iyeyo," anatero Aroni. "Ndimayesa muli makala. Anthu amanena choncho."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa, a Mbewe. Inuyo ndi maso anu munawaonapo makalawo?"

"Ayi. Koma mawindo ophimba aja..."

"Mayi akakhala pa ululu wobereka si sewero loti anthu azionerera. Akanakhala mayi a Talandira awa, mukanalola anyamata a pasiteji azisuzumira?"

Aroni anayang'ana pansi.

"Ndikufunseni," anapitiriza mayi Faines. "Mukakumana ndi maliro pamsewu, mumatani?"

"Timapatuka n'kuima. Timazimitsa wailesi, chipewa n'kuvula."

"Ngakhale muli pachitunda, lole itadzaza?"

"Ngakhale pachitunda. Maliro ndi maliro."

"Munayamba mwawauza anamfedwa kuti atsegule bokosi muone ngati mulidi mtembo?"

Susana anagwira pakamwa. Aroni anapukusa mutu.

"Ndiye taonani. Wakufa, amene sakuthamangira kulikonse, mumamupatukira osafunsa funso. Koma wamoyo amene akulimbana ndi mpweya ndiye mukufuna umboni kaye. Ngati tsiku lina mudzaonedi ambulansi itanyamula matola kapena makala, mudzatenge nambala yake mukanene kwa akuluakulu a chipatala kapena kupolisi. Mlandu umenewo suweruzidwa ndi lole pakati pa msewu."

"Nanga ndikanatani pamalo opanikiza ngati aja?" anafunsa Aroni, mawu atatsika.

"Mukangomva sayirini, tsitsani wailesi, muyang'ane pagalasi kuti mudziwe komwe ikuchokera. Chepetsani liwiro pang'onopang'ono, osaponda buleki mwadzidzidzi. Yatsani indiketa ya kumanzere kuti dalaivala wathu adziwe kuti mwamuona, ndipo pamalo oyamba abwino patukirani kumanzere muime. Musaime pokhota, pamlatho kapena pamutu pa chitunda pomwe iye sangaone zakutsogolo. Pitirirani pang'ono mpaka poonekera. Ikadutsa musafulumire kulowanso mumsewu, mwina kukubwera ina. Ndipo musaithamangire pambuyo ngati yakutsegulirani njira. Galimoto yozimitsa moto ndi ya apolisi n'chimodzimodzi. Limenelo ndi lamulo la pamsewu, si kukoma mtima kwanu ayi."

Atatuluka, Susana anamugwira mwamuna wake pamkono. "Ndamva tsopano kuti simunadziwe. Koma amene akufunika kumva si ine. Tiyeni ku chipatala chachikulu."

Anagula sopo, shuga ndi chitenje chatsopano, n'kukwera lole yopanda katundu. Panjira yonse Aroni sanayatse wailesi. Ankaopa kuti akafika apeza amayi akulira pageti.

Anawapeza a Elifala atakhala pansi pa mtengo kunja kwa wodi ya amayi, maso ali psu chifukwa chosagona. Atawaona akubwera anaimirira.

"Mwabwera kudzaona ngati ntchito yanu yatheka?"

Aroni anavula chipewa n'kunjuta pansi. "Bambo, ndalakwa. Ndinaitsekerezadi ambulansi, sindikukana. Koma Mulungu ndi mboni, sindinadziwe kuti muli mwana wanu. Za dimba sizinandibwerere n'komwe m'mutu."

A Elifala anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana kathumba kamene Susana ananyamula, ngati akuganiza kuti mwina nakonso kali ndi msampha.

"Simunadziwe kuti ndi wanga," anatero pang'onopang'ono. "Ndiye akanakhala mwana wa munthu wina, zikanakhala bwino?"

Aroni anali atakonzeka kudziteteza pa mlandu wa dimba, koma funso ili linalibe pothawira. Anachita manyazi kwambiri.

"Sizikanakhala bwino, bambo," anatero pomaliza.

Anakhala pamenepo onse atatu akudikira, dzuwa likukwera. Susana anaika kathumba kaja pakati pawo, koma a Elifala sanakakhudze. Khomo la wodi likatseguka, onse ankadzidzimuka.

Chakumasana kunatuluka mkazi wa a Elifala, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Watsitsimuka," anatero mayiwo. "Wapempha madzi. Mwananso wayamba kuyamwa. Adokotala akuti tikanachedwa pang'ono pokha, bwenzi pano tikunena zina."

A Elifala anakhala pansi mwakamodzi, n'kubisa nkhope m'manja. Patapita kanthawi anatambasula dzanja, anatenga kathumba kaja n'kuwapatsa akazi awo.

"Kampatseni Rebeka. Mumuuze kuti a Mbewe ndi akazi awo abwera kudzamuzonda." Kenako anatembenukira kwa Aroni. "Zoti munachita dala ndikazikana ndekha kumudzi, chifukwa ndaona kuti si zoona. Koma zoti munatsekereza ambulansi mukazinene nokha pasiteji, madalaivala anzanu amve kuchokera pakamwa panu."

Aroni anakazinenadi. Loweruka lotsatira anaima pasiteji pakati pa madalaivala a malole, a maminibasi ndi anyamata a njinga zamoto, n'kufotokoza zonse zimene mayi Faines anamuphunzitsa. Panapezeka wina wofunsa kuti, "Nanga ikakhala kuti ilibedi wodwala?"

"Ikakhala yopanda wodwala, mwina ikukamutenga," anayankha Aroni. "Ndipo ngakhale atakhala kuti akunama, iwe wataya kanthawi kochepa basi. Koma akakhala kuti sakunama, wina ataya moyo. Ine ndinangotsala pang'ono kupha anthu awiri chifukwa cha nkhani yongomva."

Rebeka anatuluka m'chipatala ali bwino, khanda lake lili m'manja, ndipo amayi a pamjigo anayambanso kuyankha moni wa banja la a Mbewe.

Dalaivala mnzathu, ukamva sayirini ya ambulansi, ya galimoto yozimitsa moto kapena ya apolisi, si ntchito yako kufufuza zimene zili m'katimo. Chepetsa liwiro, yatsa indiketa, patukira kumanzere pamalo abwino, uime mpaka idutse. Ngati uli ndi chikayiko, ukachinene kwa oyenera pambuyo pake. Amene wagona m'galimotomo sukumuona, koma ndi mwana wa munthu, ndipo nthawi yodikira kuti iwe ukhutire alibe.