Hatchi ya Apongozi

Mayi a Mapasa ankasita jekete la apongozi awo, koma maso anali pa bolodi la tchesi limene linali patebulo. Atayang'ana kachitatu, anasiya kusita.

Apongoziwo, amene aliyense ankawatcha Aphunzitsi, anatha miyezi isanu ndi itatu akusanthula masewero amene akatswiri awiri anasewera zaka zoposa zana zapitazo. Ankati apeza cholakwa chimene mabuku onse sanachione: wa zoyera akanangodya mfumukazi ndi hatchi, akanapambana. Masana a tsikulo ankakafotokoza zimenezi kukalabu, pamaso pa anthu. Chimwalirireni akazi awo, ndi chinthu chokhachi chimene chinkawadzutsa pampando.

Koma mfumukaziyo inali nyambo. Mayi a Mapasa anaiona bwinobwino, poti tchesi anaphunzira kusukulu, kungoti pakhomopo panalibe amene anawafunsapo.

Anathamangira kuseri, kumene amuna awo ankakonza njinga.

"Bambo a Mapasa, hatchi ija ikawagwetsa bambo. A Chipewa akawavula pagulu."

A Chipewa anali mnzawo wa Aphunzitsi wopikisana nawo zaka makumi atatu, munthu woseka mpaka kuoneka mano a m'kati.

"Iii, khoswe wakhala pamkhate ameneyo," anatero amuna awo. "Ine hatchi ndi bulu sindisiyanitsa. Auzeni ndinu."

"Ine? Mpongozi kukonza apongozi? Pakhomo pano ndidzayendanso bwanji?"

"Ndiye sungani pakamwa. Munthu wangoyamba kumene kuseka, mukufuna akhalenso duu ngati chaka chatha?"

Mayi a Mapasa anabwerera m'nyumba. Kunena kunali koopsa, kukhala chete kunali koopsanso. Posakhalitsa Aphunzitsi anatuluka kuchipinda atamanga tayi, mapepala ali m'khwapa, akuimba mluzu.

"Bambo," anatero mayiwo atagwada pambali pa tebulo, "mutandiphunzitsako pang'ono musanapite? Ine ndigwire zakuda."

"Ha! Lero nkhuku yamera mano. Khalani pampando, mayi, muone mmene akatswiri amaphonyera."

Ananyamula hatchi monyadira n'kudya mfumukazi. Mayi a Mapasa anakankha nsanja yawo mpaka kumapeto kwa bolodi.

"Mukungogawa ngati zotola," anaseka Aphunzitsi, n'kuidya nsanjayo.

Nsanja yachiwiri inatsikira pomwepo. Mfumu yoyera inasowa kothawira, itatsekerezedwa ndi asilikali ake omwe.

Kuseka kuja kunatha. Aphunzitsi anabwezera zonse m'malo mwake n'kuyambiranso okha, kawiri, katatu, koma mathero anali omwewo. Anavula magalasi. Nkhope yawo inakalamba nthawi yomweyo, ndipo Mayi a Mapasa anamva chisoni chosaneneka. Analakalaka akanangosita jekete lija n'kudzikhalira.

"Pepani, bambo. Mwina ndasuntha molakwa."

"Simunalakwe," anayankha motsitsa. "Munthu wa eni ake anadzigonera kumanda, ine miyezi yonseyi ndikumunena kuti anali wakhungu. Wakhungu ndine."

Anasiya mapepala patebulo, n'kulowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Bambo a Mapasa anasuzumira pawindo, anapukusa mutu, n'kubwerera ku njinga yawo. Mayi a Mapasa anatsala okha ndi bolodi, khutu lili kuchitseko.

Kenako chitseko chinatseguka. Maso a Aphunzitsi anali ofiira, koma tayi inali chimangire.

"Kavaleni nsapato, mayi. Munyamulenso bolodi."

"Tikupita kuti, bambo?"

"Kukalabu. Anthu ndinawaitana ndekha, sindingawathawe. Ndikasuntha hatchi yanga monga ndinakonzera, zakuda mukagwira ndinu. Ngati n'kugwa, ndikagwe m'manja mwa mwana wanga, osati mwa Chipewa."