Tiana Khumi ndi Tinayi

M'shopu yosokeramo ya bambo, pakati pa makina awiri ndi tebulo lodulirapo nsalu, munali thanki yagalasi ya nsomba. Nsombazo zinali zisanu, zazifupi ngati chala, koma chimene chinkaimitsa makasitomala chinali zomera zam'madzimo. Bambo ankazidulira Loweruka lililonse tisanatseke, ndi kasizasi kakatali kamene sankalola kuti kakhudze nsalu.

"Nsonga zokha," ankatero. "Kanthambi apa, kanthambi apo. Sikumeta uku."

Chaka chimene ndinamaliza sekondale, ng'ala inawakulira m'maso onse awiri, moti ulusi ndinkawalowetsera ndine m'singano. Nthawi yomweyo nsomba imodzi inaswa, koyamba m'zaka zitatu. Tiana take tinali ngati timpunga tosweka, ndipo tinkabisala m'masamba. Bambo ankagunditsa mphuno pagalasi koma osationa. Ndinawawerengera ine: khumi ndi tinayi.

Tsiku lopita ku opaleshoni anandipatsa kasizasi kaja.

"Ndikakhala kwa achemwali ako milungu isanu ndi umodzi, diso lina kenako linalo. Loweruka lililonse, wamva? Ndikadzabwera ndikufuna kudzaona tianato ndekha. Zouzidwa zanditopetsa."

Loweruka loyamba ndinapinda malaya n'kulowetsa dzanja m'madzi. Tiana tinabalalika, kena n'kudutsa pakamwa penipeni pa sizasi. Ndinachita mantha, ndinatulutsa dzanja. Ndinati ndidulira mawa. Mawalo linasanduka Loweruka lina, kenako linanso.

Zomera sizinandidikire. Zinafika pamwamba, zinapindika n'kuyala pamadzi ngati mkeka. Pansi panada, masamba am'munsi anayamba chikasu. Ometa tsitsi a khomo loyandikana nafe ankasuzumira akamabwera kudzasinthitsa ndalama.

"Aphwanga, nkhalango iyi mukuwetamo njovu? Bwerani nayo kwathu, mpala ndimameta mwaulere Lachiwiri."

Ndinkangoseka ndikuyang'ana pansi. Bambo akaimba foni ankafunsa za mayi, za makina, pomaliza n'kuti, "Ukudulira?" Ine ndinkati, "Eya." Liwu limodzi lokha, koma ndinalinena kasanu.

Kutatsala tsiku limodzi kuti abwere, ndinaima patsogolo pa thankiyo masana, manyazi atandigwira. Ndinaganiza kuti maso awo atsopano adzayamba kuona bodza langa. Ndinatenga sizasi n'kudula za milungu yonse isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Ndinasiya zitsa zazifupi ngati chala chachikulu. Zodulazo zinadzaza beseni, ndinakazitaya kuseri kwa shopu padzuwa.

Thanki inawala. Mayi atabwera ndi makiyi anaima pakhomo.

"Ii, mwanawe! Wamvera ometa aja?"

"Ziphukanso, amayi."

"Kaya. Eni ake adzanena okha."

Tiana tinali pambalambanda, tikuzungulira zitsa zija. Ndinaona nsomba zazikulu zikutithamangitsa, koma ndinkaganiza kuti zikusangalala ndi malo. Ndinapukuta galasi n'kutseka shopu.

M'mawa ndinawerenga katatu. Tinali tiwiri, titapanikizana kuseri kwa kapaipi ka mpweya. Ndinathamangira kuseri kuti ndibwezere zomera zija ziyandame pamwamba, koma zinali zitafota, zitasakanikirana ndi tizidutswa ta nsalu.

Bambo anafika cha m'ma teni, atavala magalasi akuda, achemwali atawanyamulira chikwama. Anavula magalasiwo n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Kodi ndevu unayamba liti iwe? Palibe anandiuza."

Anaseka, achemwali anasekanso. Kenako anatembenukira ku thanki, kuseka n'kutha. Anawerama, manja ali m'mawondo.

"Tiana tili kuti?"

"Tatsala tiwiri, bambo."

"Unadula liti?"

"Dzulo."

"Zonsezi dzulo?"

Ndinavomera ndi mutu. Achemwali anaika chikwama pansi n'kutuluka kukapereka moni kwa ometa.

"Ndinkaopa kudula kamwana," ndinatero. "Ndiye sindinadulire n'kamodzi komwe."

"Ukanangonena pafoni paja. Ndikanakuuza kuti zisiye. Zomera zikakula zimangonyansa basi, timakonza pang'onopang'ono. Nkhalango ija ndi imene inkabisa tiana kuti zazikuluzi zisatidye."

Sanakweze mawu. Bola akanakalipa. Anatenga botolo lalikulu losungiramo mabatani, anakhuthulira mabataniwo patebulo, analitsuka n'kutungiramo madzi a m'thanki. Ndi kasefa anawola tiana tiwiri tija okha, n'kuzula chitsa chimodzi kuti tipeze pobisala. Ananyamula botolo kupita nalo pazenera.

"Ooh," anatero motsitsa. "Kani tili ndi timaso takuda chonchi."

Anatiyang'ana mpaka kasitomala woyamba analowa. Ine ndinkatolera mabatani, ndikuwasanja mitundumitundu ngakhale panalibe amene anandituma.

Loweruka lotsatira panalibe zomera zoti n'kudulira. Kasizasi kanali pamsomali pake, ndipo bambo analowetsa okha ulusi m'singano, osandiitana.