Mfuti Imene Anasiya Bambo a Kelvin

Dothi la pamanda a amuna anga linali lisanaume n'komwe, koma pakhomo panga anthu anali atayamba kale kulozana zala chifukwa cha mfuti. Ine Tabita Nabanda wa kuno ku Nsaru ndinapsa mtima tsiku limenelo.

Malemu amuna anga, a Obadiya, ankaikonda mfuti yawo ya chifefe mochita kunyanya. Ine ndinkaitchula kuti mkazi mnzanga. Tako la mfutiyo anakasemetsa la mlombwa, n'kukhomerera timisomali tamkuwa m'mbali, lamba wake wa chikopa cha ng'ombe. Loweruka lililonse ankaipukuta ndi mafuta a makina anga osokera, osandipempha n'komwe. Akagulitsa fodya, choyamba chinali kukalipira laisensi ya mfutiyo, chitenje changa pambuyo. Ankapita nayo kudambo kukasaka nkhanga, ndipo n'komweko anakagwa ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Anthu anawanyamula kuthamangira nawo kuchipatala, wina n'kutola mfutiyo kudzailowetsa pansi pa bedi. Kuchipatalako sanabwereko amoyo.

Tsiku logawa katundu wa malemu, abale anadzaza pakhonde. Zovala zinagawidwa bwinobwino, njinga chimodzimodzi. Kenaka Mavuto, mphwa wa malemu, mwana wa mlongo wawo, analowa kuchipinda kwanga osaodira n'komwe, n'kutuluka mfuti ili paphewa.

"Iyi ndi yanga," anatero Mavuto. "Mwambo mukuudziwa nonse, mfuti ya malume amatenga ndi mphwa. Mawa ndipita nayo kwa wowotcherera zitsulo akadule mpopewu ukhale waufupi, ndizitha kuibisa m'jekete popita kumsika wa ng'ombe."

Kelvin, mwana wanga wamwamuna mmodzi yekhayo, anadzambatuka.

"Mwati bwanji asuweni? Mfuti ya bambo anga? Pali munthu wa ku Kabudula wandilonjeza ng'ombe ziwiri pa mfuti imeneyi. Bweretsani kuno!"

"Munthu wake ndani?" ndinamufunsa.

"Dzina sindikulidziwa amayi, koma wati za mapepala zisativute."

"Ha! Iwe Kelvin, nzeru unazisiya kumanda kodi? Munthu wopanda dzina, woopa mapepala, akufuna mfuti yoti akaphere nkhanga? Ikakaphedwera munthu, apolisi adzagogoda pakhomo pa yani?"

Ndinangotaya mawu. Kelvin anagwira mpope wa mfutiyo ndi manja awiri, Mavuto anakanirira kutako, n'kuyamba kukokana ngati ana olimbirana nzimbe. Kukamwa kwa mfuti kunatsamira pamimba pa mwana wanga, zala za Mavuto zikungoyendayenda pa kachitsulo kowombera. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Azibambo onse aja anangokhala duu, ena akuseka.

"Asiyeni mlamu, ilibe kanthu iyo," anatero mkulu wina wa kuchimuna. "A Obadiya sankaisunga ndi chipolopolo."

Zoona, anthu akuluakulu a imvi zawo! Ndinafuna kuwathira madzi otsukira mbale.

Pamenepo anatulukira mayi Judith, a khomo loyandikana nafe, omwe ali m'komiti ya chitetezo cha m'mudzi. Foni inali m'manja.

"Ikani pansi mfutiyo!" anakalipa. "Ndaimbira kale apolisi. Amene amupeze ili m'manja ndiye woyamba kukwera nawo. Pang'onopang'ono! Kukamwa kwake kuloze kuchulu uko, kopanda anthu."

Atamva za apolisi, onse awiri anasiya kukokana. Anaigoneka pansi, kukamwa kutaloza kuchulu.

Tsopano mkwiyo wanga unatembenukira kwa mayi Judith. "Inu amake Yankho, mwandiitanira apolisi pakhomo pa maliro? Mukufuna anthu azinena kuti kwa Nabanda kunabwera apolisi misozi isanaume?"

"Bola anene zimenezo, amake Kelvin, kusiyana n'kuti anene kuti mwaika maliro awiri mwezi umodzi," anandiyankha osaphethira. "Ndikadakuuzani kale, koma sindinkadziwa kuti mfutiyi ikadali m'nyumba."

"Ife tikuopa chiyani?" analowerera Mavuto. "Laisensi ilipo. Malume ankalipira chaka ndi chaka."

"Ili m'dzina la yani?" anafunsa mayi Judith.

"La malume."

"Basi, inapita nawo limodzi. Laisensi ya mfuti ndi ya munthu mmodzi, siigawidwa ngati jekete. Mwini wake akamwalira, abale amadziwitsa apolisi kuti adzaitenge akaisunge. Iwe Mavuto ukaitenga lero, wasunga mfuti popanda chilolezo, umenewo ndi mlandu wokalowa nawo kundende. Ukakadula mpope, mlandu wachiwiri, ndipo wodulayo mwapita naye limodzi. Nawe Kelvin, kugulitsa mfuti kwa munthu wopanda chilolezo ndi kundende komweko. Ng'ombe ziwirizo adzakame ndani?"

"Ndiye mwambo wathu ufe?" anang'ung'udza Mavuto.

"Mwambo palibe waukana. Banja likagwirizana kuti ikhale yako, pita kupolisi ukapemphe laisensi m'dzina lako. Akakufufuza n'kukuona kuti ndiwe woyenera, adzakupatsa. Akakana, akana."

Dzuwa litapendeka pang'ono anafika a Sajeni Rodgers Chimphepo pa njinga yamoto, ndi mnzawo. Anayamba apepesa maliro mwaulemu, mpaka ine manyazi anandigwira. Kenaka anatiuza tonse kuti tiime kumbuyo kwawo. Anainyamula mfuti ija mosamala, kukamwa kutaloza pansi, n'kuitsegula pakati.

Anasolola chipolopolo chofiira, chosawomba.

Mkulu uja ankati ilibe kanthu anayang'ana kumbali. Apa m'pamene tonse tinakumbukira kuti a Obadiya anagwa ali pakati posaka. Nthawi yochotsa chipolopolo akadaipeza kuti?

"Ndani anaigwira mfutiyi lero?" anafunsa a Sajeni.

Kelvin anaweramitsa mutu, ndipo ndinaona akuyang'ana malaya ake oyera. Pamimba penipeni panali kachizindikiro kozungulira ka mafuta akuda, pomwe panatsamira kukamwa kwa mfuti. Mafuta a makina anga omwe aja. Kelvin anangokhala pansi padothi. Mavuto anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu.

"Msuweni, ndikadakupha," anatero. "Ndikadakupha ine."

Ine ndinalira, koma ndinalira ndikukalipa. "Lira ndithu! Ndipo inu nonse munali kuseka apa, mukadandithandiza kukumba manda a mwana wanga ndi mano anuwo?"

A Sajeni anadikira kuti ndithe. Kenaka anati, "Amayi, a Judith achita bwino, ndipo inu mulibe mlandu chifukwa mfutiyi mwaipereka. Tikaisunga kupolisi ndipo tikulemberani umboni woti tatenga. Banja likambirane mofatsa. Mukafuna kuigulitsa, wogulayo abwere kwathu ndi chilolezo chake. Koma mutengepo phunziro: mfuti iliyonse muziiyesa kuti ili ndi chipolopolo, ngakhale akuuzeni ndani kuti ilibe."

Ananyamuka nayo. Kunena zoona, pamene mkazi mnzanga uja ankatuluka pakhomo panga, sindinamulire ngakhale pang'ono.

Kelvin anamuimbira munthu wa ku Kabudula uja kuti ngati akuifunadi mfutiyo akakumane kupolisi. Foni inadulidwa pomwepo, ndipo mpaka lero nambalayo siikupezeka. Mavuto anati za laisensi ayambe waganiza kaye. Chaka chino Kelvin ndi Mavuto alima fodya munda umodzi.

Malaya aja ndinakana kuwachapa. Ndimapita nawo kumisonkhano ya amayi a chigwirizano, ndipo ndikawatambasula ndimanena mawu omwewa: mwini mfuti akamwalira, musaigwire, musaigawe, musaidule, musaigulitse. Dziwitsani apolisi adzaitenge. Laisensi ndi ya munthu mmodzi, siisiyidwa ngati chuma cha masiye.

Wina akayamba za mwambo, ndimamulozera kachizindikiro kaja n'kumuuza kuti pamenepa panali mimba ya mwana wanga.