Womaliza Pamzere wa Mafoni

A Katswiri sankayankhula asanauzire mpweya pagalasi la foni yawo n'kuipukuta pamimba. Kaya akuyankha moni, kaya akukana mlandu, ankayamba ndi "haa" pagalasipo. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, poti ankadziwa foni iliyonse isanafike n'komwe m'sitolo.

M'nyumba mwawo mafoni ankayenda pamzere. A Katswiri akagula yatsopano, yakale inkapita kwa mng'ono wawo. Ya mng'onoyo inkapita kwa amayi awo, ndipo ya amayiwo inkagwera mkazi wawo, amene onse ankamutcha Nesi ngakhale sanali nesi. Iye ankasambitsa ndi kudyetsa odwala m'makomo mwawo. Foni pofika kwa iye inkakhala itatheratu: galasi long'aluka, selotepi kumbuyo, batire lolirira tchaja ngati khanda lolirira bere.

Komabe foniyo ndiyo inali khasu lake. Kampani inkamutumizira ntchito pafonipo, nyumba ya wodwala ndi mankhwala ake. Tsopano opanga mafoni anali atalengeza kuti mwezi wamawa atulutsa pulogalamu yatsopano yoyendetsa foni yonse, ndipo mafoni akale sadzailandira. Abwana a Nesi sanapite m'mbali. Wa foni yakale sadzatumiziridwanso odwala, pokhapokha atavomera ntchito yogonera konko kwa wodwala, kumene kampani imapereka foni yakeyake. Ntchito yoteroyo Nesi anali ataikana kale chifukwa cha banja.

Lamlungu masana a Katswiri anatsegula kabokosi ka foni yatsopano pabalaza, onse atazungulira tebulo.

"Abambo," anatero Nesi, "yanu yakaleyo ilandira pulogalamu ikubwerayi, eti?"

Haa. Anapukuta. "Ilandira. Ndiyo yomaliza. Zam'mbuyo mwake zonse ndi maliro."

"Ndiye ulendo uno mupatse ine. Ndinakuuzani za kuntchito."

Mng'ono wawo anali atatambasula kale dzanja. "Aa, alamu, mukufuna kudumpha mzere? Ngakhale kubanki mlonda amakubwezani."

"Inu mukachita nayo chiyani, alamu? Kujambula nsapato zanu?"

"Nsapato zake mwaziona koma?" Anakweza phazi, akuseka.

Apongozi ake anakonza mpango kumutu. "Mwana wanga, nyumba ino ili ndi dongosolo. Fatsani, idzakupezani."

"Idzandipeza itakalamba, amayi, monga zinzake zonse."

"Usakulitse nkhani, iwe," anatero a Katswiri, maso ali pa foni yatsopano. "Ntchito ikatha, yatha. Ukhala pakhomo. Amayi nawo miyendo ikuwavuta, bwanji osasambitsa iwowa?"

Apongozi anagwedeza mutu msangamsanga, ngati munthu amene nkhaniyo si yachilendo kwa iye. Nesi anawayang'ana onse atatu mmodzimmodzi. Anazindikira kuti anali atagwirizana kale iye kulibe.

Sanalire, ndipo sanamenyetse chitseko. Analowa kuchipinda, nalumikiza foni yake ku tchaja kuti isazime pakati pa mawu. Chingwecho chinali chachifupi, choncho anayimba atanjuta pafupi ndi khoma.

"Abwana, agogo aja odwala sitiroko, ofuna wogonera konko, apeza wowasamalira?"

"Ayi, aliyense akukana. Ndi kutalitu, ndipo kwanu muzibwera kamodzi pamwezi."

"Lembani ine. Foni ya kampani ilipo?"

"Ilipo, yatsopano. Koma abambo akunyumba avomera?"

"Ndifika mawa m'mawa."

Anatsitsa chikwama pamwamba pa kabati n'kuchikuntha fumbi. Anaikamo mayunifolomu onse, nsapato zoyera, magolovesi, kalumo kowengera odwala zikhadabo, ndi juzi yake yokhuthala. Kenaka anatulutsa simu m'foni ija n'kuimanga pakona ya mpango.

Atabwerera pabalaza anapeza mlamu wake akujambuladi nsapato. Anaika foni yaselotepiyo pakati pa tebulo.

"Imeneyo ndi ya ndani?" anafunsa apongozi.

"Ya wotsatira pamzere, amayi. Mumufunefune."

A Katswiri anasuzumira kuchipinda, naona chikwama chotseka chili pabedi. Anakweza foni yawo yatsopano, haa, napukuta pamimba. Anapukutanso.

Nesi anabwerera kuchipinda, nanyamula chikwamacho kuti amve kulemera kwake. Chinali chonyamulika ndi dzanja limodzi. Anachiimika pafupi ndi chitseko.