Ng'ombe za Pakhonde la Jethro

Chisankhidwireni kukhala Elder, mkulu wa mpingo wa Sabata ku Chelstone, Jethro analetsa nyama pakhomo pake. Mkazi wake, Choolwe, ankaphika nyemba ndi soya mpaka zinamukola.

Tsiku lina akusesa m'galaja, Choolwe anagunda thumba lobisika kuseri kwa matayala akale. Gobede! Zitini za nyama ya ng'ombe, zonyambitidwa mbee, zinamwazika pansi. Anagwira m'chiuno, mtima ukuwira, koma anasankha kusamufunsa kanthu mwamuna wake.

Anazitsuka, n'kuziboola kunsi ndi msomali, n'kuzipaka penti yagolide. Chithunzi cha ng'ombe cha pachitini chilichonse chokha ndicho ankachilambalala dala. Kenako anadzalamo maluwa, nazibisa kuseri kwa nyumba.

Pa Sabata anatuluka msanga m'tchalitchi, n'kukazindandalika pakhonde ponse. Jethro atafika ndi abusa ndi akazi awo kudzadya chamasana, anangoima njii pamasitepe. Ng'ombe zonse zinali kumuyang'ana.

"Ba Choolwe, koma kukongola!" anatero amayi abusa. "Nanga zitini zonsezi munazipeza kuti, poti kuno nyama simudya?"

"Ine nimangopenta, amai," anayankha Choolwe mwaulemu, atapinda bondo. "Okhuthula ni ba Elder. Amagwila nchito imeneyi okha mu galaja, osadandaula olo pang'ono."

Abusa anatsokomola. Jethro anamasula tayi, thukuta lili kamukamu.

Patebulo, Choolwe anamusunthira mbale ya nyemba pafupi, akumwetulira.

"Idyani, ba Elder. Kapena mwadzela kale ku galaja?"